Ya Adimini pa Dzina la Malemu

Chidindo cha a Sakala chinali ndi kachitsulo kotha mkati, ndiye chisanagunde pepala chinkayamba chalira kaye ngati khoswe wopanidwa ndi chitseko, kenako n'kumveka khu. Kulira kumeneko ndinakumva miyezi yonse imene ndinagwira ntchito mu ofesi ya inshuwalansi ya motoka pa boma la Luangwa. Chikalira, ndiye kuti munthu wina wapisa dzanja m'thumba.

Ntchitoyo anandipezera ndi ambuya. Makolo anga anamwalira ndili wamng'ono, ndipo ambuya, amene anabala amai anga, ndiwo anandilera ku Mphuka. Nditamaliza Giredi 12 ndinakhala chaka chathunthu ndikuwathandiza kutola masau ndi kuluka mphasa. Masauwo ankakagulitsa pa boma, ndipo kumeneko anamva kwa mkazi wa a Sakala kuti mu ofesi mukufunika mnyamata. Mawa lake anandiuza kuti ndivale malaya oyera a kutchalitchi, tinakwera loli ya nsomba mpaka pa boma.

A Sakala anali munthu wa ku Lusaka, wonenepa, wokonda mafuta onunkhira. Satifiketi yanga sanaiyang'ane n'komwe. Anandifunsa mafunso angapo, ine n'kumayankha ndi mawu amodziamodzi monga ndinazolowera. Anaseka n'kutembenukira kwa ambuya.

"Uyu ndiye nifuna," anatero. "Uja anachoka anali na kamwa maningi."

"Ameneyu ngakhale njoka imulume, amayamba waganiza kaye ngati kulira n'koyenera," anatero ambuya. Anaombera m'manja, nkhani inathera pomwepo.

Ofesiyo inali chipinda chimodzi pakati pa kashopu kotumizira ndalama pa foni ndi malo owotcherera zitsulo. Munali tebulo, benchi ya makasitomala, kompyuta, pulinta, buku la malisiti la kaboni, sizasi, lezala, ndi kabokosi ka netiweki kamene tinkakaika pa windo chifukwa ndi pokhapo pamene kankagwira. Kampani yeniyeni inali ku Lusaka. A Sakala anali ejenti chabe, wodya gawo pa chilichonse chimene ofesi yatolera.

Ntchito ya tsiku ndi tsiku ndinaigwira msanga. Munthu akabwera ndi motoka, ndinkatenga waiti buku, ndilo pepala la boma losonyeza mwini wa motoka, pamodzi ndi reji yake, chitupa chake cha unzika. Ndinkatuluka kukayerekeza nambala ya chasisi ya papepala ndi ya pachitsulo. Ngati yadzala dzimbiri ndi fumbi, umapukuta ndi chiguduli cha dizilo, n'kupakapo choko, manambala amaoneka okha. Ukalemba zonse mu kompyuta umatumiza ku Lusaka n'kudikira kuti avomere. Akavomera umasindikiza chikalata ndi disiki, kapepala kozungulira kamene timadula ndi sizasi n'kumata pa galasi lakutsogolo. Disiki imeneyo ndi imene apolisi amayang'ana pa Buliji, pamene msewu wathu umakumana ndi msewu waukulu wa ku Lusaka. Wopanda disiki sadutsa.

Chimene sindinkachidziwa ndisanalowe ntchito n'chakuti ofesi ngati imeneyo siidya kwambiri pa ogula inshuwalansi yatsopano. Pa boma pathu motoka ndi zochepa. Imadya pa anthu obwera kudzasintha kanthu pa chikalata chimene ali nacho kale. Kusintha kumeneko timakutcha endosimenti, ndipo endosimenti iliyonse ili ndi mtengo wake umene pa lisiti timalemba kuti ya adimini. Si ndalama yoteteza motoka ayi. Ndi yolipira kuti munthu watsegula chikalata mu kompyuta n'kulembamo. Masiku amenewo inali yokwanira thumba la ufa, ndipo kampani ndi a Sakala ankagawana.

Tsamba la endosimenti mu kompyuta lili ndi timabokosi: dzina, foni, adiresi, woyendetsa, ntchito ya motoka. Ukhoza kuchonga tonse nthawi imodzi, munthu n'kulipira kamodzi. Koma lamulo la a Sakala linali lakuti kabokosi kamodzi, endosimenti imodzi. Lamulo lachiwiri linali lakuti kasitomala asauzidwe zonse pamodzi. Alipire choyamba, tidinde, kenako ndiye tichite ngati tangotulukira chachiwiri.

"Iwe Lameki, ndiwe mwana wa masau," anandiuza sabata yoyamba. "Mtengo suugwedeza kamodzi na kuchoka. Ugwedeza, watola, wagwedeza futi."

Ndinaona mphunzitsi wina amene anasamuka ku Katondwe akulipira kawiri, ya adiresi payokha, ya foni payokha. Ndinaona mwini loli ya makala wa ku Mburuma akulipira kuti tikonze chilembo chimodzi cha nambala ya motoka yake, chimene anachilakwitsa ndi a Sakala eni ake pochilemba. Anthuwo ankathokoza potuluka. Ena ankavula chipewa. Ine ndinkalemba lisiti, kung'amba yoyera n'kusiya ya kaboni, ndipo madzulo ndinkasamba m'manja nthawi yaitali kuposa mmene inki inkafunira.

Tsiku limene ndikufuna kunena linali kumapeto kwa Novembala, kutatsala masiku ochepa kuti boma litseke mitsinje kuti nsomba ziswane. Nyengo imeneyo aliyense wa nsomba amathamangira ulendo womaliza, chifukwa ndalama ya ulendo umenewo ndi imene imadyetsa nyumba mpaka mtsinje utatsegulidwanso. Kunkatentha moti malata a ofesi ankalira okha.

M'mawa ndithu kaloli koyera kanaima pakhomo. Kumbuyo kunali mafiriji akale atatu omangidwa ndi zingwe, odzaza nsomba za pende ndi mcheni zaziwisi zothira aisi, pamwamba atafunditsa masaka onyowa. Munatsika mai wovala duku lakuda ndi mnyamata wamtali wovala jekete lomukulira mapewa, m'kutentha kumene kuja. Injini sanazimitse.

Maiyo anali a Esinati Njobvu, kapena amake Tisa monga anthu ankawaitanira. Anakhala pa benchi n'kutulutsa kafoni kakang'ono komangidwa ndi mphira.

"Bambo, ndi kanthu kakang'ono," anatero kwa a Sakala. "Mauthenga anu a inshuwalansi amabwera pa foni iyi. Ndikufuna azipita pa foni ya awa amene akuyendetsa. Iyi ikalira ndimadzidzimuka."

A Sakala anandikodola kuti nditsegule chikalata. Dzina linali Saimoni Njobvu.

"A Saimoni bali kuti?" anafunsa.

"Ndine pano," anayankha mnyamatayo.

Ndinapempha reji yake. Inali yolembedwa Yotamu Lungu. Ndinaiika patebulo, a Sakala anaiwerenga n'kukweza maso.

Mnyamatayo anafotokoza mosabisa, ngakhale monyadira pang'ono. A Saimoni anali amalume ake, mlongo wawo wa amai ake, ndipo anamwalira mwezi wathawo. Kwawo munthu wamkulu akamwalira dzina silipita naye kumanda. Maliro atatha abale anakhala pansi, anamusankha iye, anamuveka jekete la malemu, anamupatsa makiyi a kaloli ndi dzina lomwe. Kuyambira tsikulo ana a malemu amamuitana atate.

"Ndiye papepalapo palibe chasintha, bwana," anatero. "Dzina lilipo. Foni chabe."

A Sakala anaseka mpaka mimba kugwedezeka. "Manje unatenga dzina chabe, olo na amai aba?"

Amake Tisa anayang'ana pansi n'kukonza duku lawo. Yotamu sanaseke.

Kenako a Sakala anachita chinthu chimene sindinawaonepo akuchita. Anadzuka pampando okha, anatenga lezala patebulo n'kutuluka padzuwa. Anatsegula chitseko cha kaloli, n'kupala disiki pa galasi. Inachoka zidutswa ziwiri. Anabwera nazo mkati n'kuziponya mu dirowa.

"Iyi inafa na mwine wake," anatero. "Mukanafika nayo pa Buliji, motoka ikanagona ku polisi na nsomba zanu. Nakupulumutsani."

Panali choona pang'ono m'mawu awo, ndipo n'chimene chinkapangitsa kuti njira zawo zivute kutsutsa. Mwini motoka akamwalira, kampani iyenera kuuzidwa, dzina la woyang'anira chuma cha malemu lilowe pa chikalata. Amake Tisa, mkazi wa malemu, anali nayo kale kalata ya kukhoti yowapatsa udindo umenewo. Anaitulutsa mu kapulasitiki ka shuga kamene anakamangira m'chitenje. Zonse zofunika zinali patebulo. Inali ntchito ya endosimenti imodzi, kudikira kumodzi, aisi asanayambe n'komwe kulefuka. Koma tsopano galasi linali lopanda kanthu, ndipo kaloli sikakanachoka mpaka a Sakala atafuna.

Yotamu anatuluka kukazimitsa injini.

Tinayamba ndi dzina. Amake Tisa anamasula mfundo ya chitenje, analipira, ndinalemba lisiti, chidindo chinalira. Ndinatumiza ku Lusaka, tinadikira. Netiweki tsiku limenelo inkabwera ndi kupita. Ndinanyamula kabokosi kaja kukakaimika pamwamba pa chitseko, kenako pa windo kachiwiri. Atavomera, maiyo anaimirira poganiza kuti zatha.

"Manje ya foni," anatero a Sakala.

"Si imene ndalipira ija?"

"Ija ni ya dzina, amai. Foni ni endosimenti ina. Kompyuta ndiye ikamba, osati ine."

Analipiranso. Tikudikira yankho, ndinasuzumira panja ndipo ndinaona madzi akuyamba kudontha m'mbali mwa kaloli. Poyamba anali oyera. Galu wa owotcherera zitsulo anabwera kudzanyambita.

Ya foni itadutsa, a Sakala anafunsa ngati kuti angokumbukira kumene kuti kodi akuyendetsa ndani. Pa chikalata panali dzina la malemu ngati woyendetsa. Yotamu anati ndi iye, ndipo dzinalo ndi lake.

"Kumudzi ndiwe Saimoni. Pa laisensi ndiwe Yotamu. Ngozi ikachitika, kampani siziba va kumudzi."

"Nanga bwanji simunanene poyamba paja, tilipire pamodzi?" anafunsa Yotamu.

"Mwana wanga, iyi ni ofesi, si pa msika. Vintu viyenda na ndondomeko."

Apa ndinawerama ngati ndikukonza waya wa pulinta, ndinalankhula motsitsa kuti a Sakala okha amve. Ndinati, bwana, zatsalazo tingachonge pamodzi, nsomba zawo zikusungunukira aisi. Sanandiyang'ane. Anatenga chidindo n'kumachipukuta ndi kansalu.

"Ninakulemba nchito chifukwa sukamba," anatero, motsitsanso. "Ukayamba lelo, basi ya ku Mphuka uiziba poikwelela."

Ndinabwerera pa kompyuta. Malipiro anga ndi amene ankagula mankhwala a miyendo a ambuya, ndipo a Sakala ankadziwa zimenezo chifukwa mkazi wawo ndiye ankawagula n'kudula pa malipirowo.

Endosimenti yachitatu inakafika ku Lusaka anthu atapita ku nkhomaliro. Kenako magetsi anazima. Yotamu anazungulira boma lonse kufuna aisi: ku mabala, ku butchala, kwa amai ogulitsa madzi ozizira. Anabwera ndi timapulasitiki tochepa ta madzi oundana, tosakwana ngakhale firiji imodzi. Anavula jekete lija, analipinda bwinobwino n'kuliika pampando wa kaloli, n'kuyamba kutunga madzi pa mpopi kuthira pa masaka. Madzi odontha pansi anasintha mtundu, anayamba kufiira. Ntchentche zobiriwira zija zinafika.

A Sakala anandituma kukagula tchipisi ndi soseji. Anadyera patebulo pomwepo, maiyo ali pa benchi moyang'anana nawo. Atamaliza anatokosa m'mano ndi ngodya ya lisiti yowonongeka. Fungo la mafuta a tchipisi linasakanikirana ndi la mafuta awo odzola ndi la nsomba limene linkayamba kulowa kuchokera panja, ndipo ndinatuluka kukaima kuseri kwa nyumba.

Amake Tisa sanakweze mawu tsiku lonse. Ndalama za m'chitenje zitatha, anaimbira mng'ono wawo kuti awatumizire pa foni. Ndinawamva akunena kuti, "Zija zinali za dizilo, ndadya kale." Anakatapa pa kashopu ka pafupi n'kubwera kudzalipira ya adiresi, chifukwa a Sakala anapeza kuti chikalata chimanena mudzi wa malemu pamene kalata ya kukhoti imanena mudzi wa maiyo, midzi yoyandikana yomwera chitsime chimodzi.

Kamodzi kokha anafunsa, "Bambo, kodi zatsala zingati? Mundiuze zonse ndidziwe."

"Tiona vamene kompyuta izakamba," anayankha a Sakala.

Kompyuta inali patsogolo panga. Inalibe chonena.

Magetsi anabwera dzuwa litapendeka. Lusaka inavomera yomaliza. Ndinaika pepala la disiki mu pulinta, koma a Sakala anagwira dzanja langa.

"Yasala ya disiki yatsopano. Yakale inaonongeka."

Yotamu anali ataima pakhomo, malaya atanyowa. "Anaiononga ndani?"

"Disiki yong'ambika ni yong'ambika. Lamulo silifunsa."

"Ndinakuonani ndi maso anga mukuipala ndi lezala."

"Ufuna disiki olo ufuna milandu?"

Mnyamatayo anaponda sitepe imodzi kulowa mkati. Amake Tisa anatambasula dzanja osatembenuka.

"A Saimoni, dikirani panja," anatero.

Ndinali ndisanawamve akumuitana choncho. Yotamu anatembenuka n'kutuluka. Maiyo anakhuthula zotsala patebulo, zachitsulo zomwe. Zinapereweza pang'ono. A Sakala anati popeza ndi anamfedwa awakhululukira zotsalazo, ndipo ananena mokweza kuti owotcherera zitsulo amve. Chidindo chinalira. Ndinasindikiza disiki, ndinaidula ndi sizasi, ndinatuluka kukaimata pamalo pomwe panali yakale, pamene guluu wake ankaonekabe.

Yotamu anakwera kumbuyo n'kutsegula firiji yoyamba. Nsomba zinkayandama m'madzi ofunda, maso atayera, makha atasanduka abulauni. Za pansi pa firiji yachitatu zinali zolimbako, koma ulendo wa ku Lusaka ndi wautali, ndipo msika wake ndi wa m'mawa. Anakambirana pang'ono awiriwo. Anagwirizana zobwerera kumtsinje kuti akang'ambe zimene zingapulumuke, kuzithira mchere ndi kuziwamba usiku womwewo. Nsomba youma yopulumutsidwa chotero imagulidwa mtengo wa chisoni, ndipo ulendo wina mtsinje usanatsekedwe kunalibe.

Ndinakhala mu ofesi imeneyo mpaka mvula itatha, ndalama yoyendera itakwana. Lero ndimagwira ntchito yomweyo mu tauni ina, pa kampani ina. Ya adimini ilipobe, ndipo si ine ndingaichotse. Ndimaiona pa lisiti tsiku lililonse ndipo sinasiye kundinyansa, chifukwa ndikudziwa kuti ntchito yake ndi ya kanthawi kochepa ndi chala chimodzi. Zimene ndingathe ndi ziwiri. Munthu asanapise m'thumba, ndimatembenuzira kompyuta kwa iye, timawerenga timabokosi tonse limodzi, ndimachonga tofunika nthawi imodzi n'kumuuza mtengo wonse. Ndipo disiki yakale sindiikhudza mpaka yatsopano ili m'manja mwanga. Achinyamata amene ndimawaphunzitsa amaganiza kuti ndi malamulo a kampani. Sindiwatsutsa.

Madzulo aja, nditamaliza kumata disiki, ndinaima pambali pa kaloli ndi sizasi m'manja. A Sakala anali mkati akutseka mawindo. Amake Tisa anandiyang'ana koyamba tsiku lonselo.

"Si ndiwe mdzukulu wa aNyatembo iwe, a masau aja?"

"Ndine, amai."

"Ndinakuona uli kamwana, pa maliro a amako."

Anauza Yotamu kuti awapatsire pende imodzi yaikulu. Anaigwira m'makha n'kuiika m'manja mwanga. Inali yofunda, ndipo chala changa chinalowa m'mimba mwake ngati m'papaya lakupsa.

"Kawapatse ambuya ako," anatero. "Ukawauze kuti ndi ya kuntchito kwako."

Anakwera kutsogolo, anatseka chitseko, kaloli kanatembenuka kulowera kumtsinje.